Timipita Titatu ta M'khutu la Nyamalikiti

Padangotero, abale anga. Yankhani kuti tili limodzi, ndidziwe kuti sindikuyankhula ndi mitengo.

Kalekale, nyama zisanaiwale kuyankhula, kudera lina la mitengo ya mthethe kudali nyerere ina yaikazi, dzina lake Nagama. Ntchito ya Nagama ndi anzake idali yoyeretsa mafupa. Mkango ukadya n'kusiya, miimba ikatola n'kuuluka, nyerere zinkabwera pomaliza kudzachotsa zotsalira mpaka fupa kuyera mbee. Popanda ntchito imeneyi, fungo ndi matenda zikadadzaza tchire lonse. Koma palibe amene ankathokoza. Nyama zikaona mzere wa nyerere zinkalavula malovu n'kumati, "Onunkhiza maliro aja afika."

Nagama adali ndi chidwi chosatha. Anzake ankanyamula n'kumapita, iye ankatsalira kuti aone.

Tsiku lina adalowa m'chigaza cha gwape kudzera pabowo la khutu. Adayenda, adayenda, mpaka adafika m'kachipinda kobisika mkati mwa fupa lolimba. Mbali ina kudali kanjira kozungulira ngati chigoba cha nkhono. Mbali inayo kudali timipita titatu, tonse topindika ngati uta. Adalowa mu woyamba. Mpitawo udakwera, udapinda, n'kumubwezera m'kachipinda komwe kaja. Adalowa mu wachiwiri, chimodzimodzi. Adalowa mu wachitatu, chimodzimodzinso.

"Ha! Ndi njira yanji yokutula pamene wachokera?" adadzifunsa Nagama. "Adaikumba ndani, nanga ankafuna chiyani?"

Adakalowa m'chigaza cha nguluwe: timipita titatu. Adakalowa m'chigaza cha njovu: timipita titatu. Khutu lakumanja titatu, khutu lakumanzere titatu. Ndipo kulikonse tidaikidwa mofanana. Wina udaimirira chakutsogolo, wina udaimirira chakumbuyo, wachitatu udagona cham'mbali.

M'zigaza zomwe zidali zisanaume adapezamo zinanso. M'timipitamo mudali madzi. Pakhomo pa mpita uliwonse padali potupa ngati kamtsuko, mkati mwake muli tiubweya tofewa. Ndipo m'kachipinda kaja mudali kathumba kosunga timiyala tating'ono kuposa mchenga.

Kuyambira pamenepo Nagama ankakwera pamsonga pa udzu n'kumaonerera mitu ya nyama zamoyo. Adaona kuti mutu uli ndi mayendedwe atatu. Umagwedezeka povomera. Umapukusika pokana. Umapendekera paphewa pokayika. Mayendedwe atatu, timipita titatu! Adaganiza kuti mutu ukasuntha madzi aja amasunthanso, monga amachitira m'chikho, ndipo tiubweya tija timamva n'kuuza thupi kumene kuli pansi ndi kumene kuli kumwamba.

Kenaka kudafa mbawala ina imene idakhala masiku ambiri ikudzandira ngati yoledzera. Nagama atalowa m'khutu mwake adapeza kamwala kamodzi katatuluka m'kathumba, katakhala mu mpita wakumbuyo mmene simuyenera kukhala mwala. Adasunga zimenezi mumtima, osauza aliyense. Ndani akadamvera nyerere?

Chaka chimenecho chilimwe chidakula. Masamba adayoyoka, ndipo dziko lonse lidatsala ndi dziwe limodzi. Pamenepo ndi pamene Nyamalikiti, mayi wa khosi lalitali uja, adagwidwa ndi chizungulire. Akaimirira chilili adali bwino. Koma akangotanyula miyendo n'kutsitsa mutu kuti amwe, dziko linkazungulira, dziwe linkakwera kumwamba, mitambo inkatsika pansi, iye n'kugwa khu! Adayesa kamodzi, adagwa. Adayesa kawiri, adagwa. Kachitatu adatsala pang'ono kuthyoka khosi. Madzi ali pamaso pake, Nyamalikiti ankafa ndi ludzu.

Tsono m'dziko limenelo mudali lamulo. Chinthu chopanda dzina sichinkatchulidwa pabwalo, ngakhale pamaso pa wodwala. Ndipo wopatsa zinthu mayina adali mmodzi yekha, Nang'omba, mbalame yaikulu yakuda ya mmero wofiira, imene mawu ake amamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Adamusankha osati chifukwa cha nzeru, koma chifukwa cha kukula kwa mawu. Iyeyo ndi amenenso ankayang'anira odwala. Atafika kwa Nyamalikiti, choyamba chimene adachita ndi kuwaza phulusa mozungulira, kuti nyerere zisayandikire.

Nagama adaima kunja kwa phulusalo. Adaona maso a Nyamalikiti akuvina pamene mutu watsika, ndipo adakumbukira mbawala ija. Polemekeza lamulo, adapita kwa Nang'omba.

"Odi, bambo!"

Nang'omba adayang'ana kumanja, adayang'ana kumanzere. "Ndani akulira ngati udzudzu?"

"Ndine, bambo, pansi pano, pafupi ndi chala chanu. Ndine Nagama."

"Wonyambita mafupa! Wafulumira. Wodwalayo akadapuma."

"Ndi chifukwa chake ndabwera, bambo, kuti apitirize kupuma. Ndikuganiza kuti ndadziwa chimene chawavuta. M'kati mwa khutu muli timipita ta madzi, ndipo kamwala kakasochereramo munthu amaona dziko likuzungulira. Mukatembenuza mutu motsata mpitawo, kamwalako kangathe kubwerera kwawo."

Nang'omba adatsitsa mlomo wake waukulu mpaka Nagama adamva mpweya wotentha. "Timipita? M'khutu? Adakuuza ndani?"

"Ndidayendamo ndekha, bambo. Chigaza cha nguluwe chili kuseri kwa chulu uko. Tiyeni mukasuzumire, ndikulozereni."

"Ine? Ndikalowetse nkhope yanga m'za akufa? Kanthu iwe, ulibe mwambo. Ingondiuza, tilipo tingati?"

"Titatu pa khutu lililonse. Wina uli chakutsogolo, wina uli chaku..."

"Titatu!" adamudula Nang'omba, maso ake akuwala. "Ine, mayi akunyumba, ndi apongozi anga. Zakwanira ndendende! Pita, zotsalazo n'za akuluakulu."

"Koma bambo, simunamve mmene tidakhalira."

Nang'omba adali atanyamuka kale.

M'mawa mwake adaitana nyama zonse padziwe. Adakwera pachitsa, adatupitsa mmero, n'kuyamba kuimba:

"Ndaona ndine, du-du dududu!
Zobisika m'khutu, du-du dududu!"

"Tamverani!" adafuula. "Ine Nang'omba ndatulukira timipita titatu m'kati mwa mutu. Lero ndikutipatsa mayina. Woyamba ndi Mpita wa Nang'omba. Wachiwiri ndi Mpita wa Mayi Nang'omba. Wachitatu ndi Mpita wa Apongozi a Nang'omba. Aliyense wa inu akunyamula banja langa m'mutu mwake!"

Nyama zidaomba m'manja. Zina zidagwira makutu awo modabwa. Nagama adakuwa ndi mphamvu zake zonse kuti, "Si choncho!" koma mawu ake adathera m'fumbi la ziboda. Chidamuwawa. Zigaza zonse zija adaziyenda yekha, mumdima ndi m'fungo loipa, ndipo lero dzina lake silidatchulidwe n'kamodzi komwe. Koma adadzitonthoza kuti, "Zilibe kanthu, bola mayi aja amwe madzi."

Potembenuza mutu wa wodwala pankafunika wina wa manja, choncho adaitana Nyani. Nyani adakwera pamsana pa Nyamalikiti, amene adali atagwada m'kati mwa phulusa, n'kugwira tinyanga take tiwiri.

"Tembenuzira mutu ku Mpita wa Nang'omba!" adalamula Nang'omba.

Nyani adakanda m'khwapa. "Kumeneko n'kuti, achimwene? Kumanja kapena kumanzere?"

Nang'omba adaphethira. Funso limenelo sadaliyembekeze. "Wopusa iwe! Mwini dzina ndi wamkulu, ndipo wamkulu amakhala pamwamba. Kweza mutuwo!"

Nyani adakweza mutu mwamphamvu, mphuno kuloza dzuwa. Nyamalikiti adabuula, maso adavina, n'kusanza ndulu yokhayokha. Tsiku limenelo lidapita osamwa.

Tsiku lachiwiri Nang'omba adaimbanso nyimbo yake, koma oomba m'manja adachepa.

"Tembenuzira mutu ku Mpita wa Mayi Nang'omba!"

"Alamu athuwo amakhala mbali iti, achimwene?" adafunsa Nyani.

"Mkazi wanga amayenda pambuyo panga. Kokera kumbuyo!"

Mkazi wa Nang'omba, amene ankatola ziwala chapatali, adadzutsa mutu. "Ndani amayenda pambuyo panu? Dzulo lomweli ndani adakutsogolerani kudambo mutasochera?"

Nyama zidaseka, koma Nyani adakoka. Khosi lidalira ngati nsungwi youma. Nyamalikiti adabuula, maso adavina, ndipo tsiku limenelonso lidapita osamwa. Lilime lake lidatupa. Miimba idayamba kutera pamitengo yapafupi, iwiriiwiri.

Nagama adazungulira phulusa lija kasanu kufuna podutsira. Padalibe. Adayesa kuponda, miyendo yake idapsa ndi kuuma, n'kubwerera.

Tsiku lachitatu Nang'omba sadaimbe.

"Tembenuzira mutu ku Mpita wa Apongozi!"

Nyani adapumira m'mwamba. "Achimwene, ndafunsa kawiri, ndifunsenso. Apongoziwo ali kuti?"

"Kodi kwanu mulibe mwambo? Apongozi sayang'anizana nawo maso. Ukawaona umakhotetsa nkhope msangamsanga n'kupatuka. Pukusa mutuwo uku ndi uku, mwachangu!"

Nyani adapukusa. Nyamalikiti adayesa kudzuka kuti athawe, miyendo idapindika, ndipo adagwa chammbali, khuu! Fumbi lidakwera. Thupi lake lidatsala m'kati mwa phulusa, koma khosi lalitali lija lidadutsa malire, mutu n'kukagwera kunja, pa udzu. Khutu lake lidagona pamtunda wa chala chimodzi kuchokera pamene padaima Nagama.

Nagama adaganiza msanga. Akakwera n'kulephera, nyama zonse zidzati nyerere idapha Nyamalikiti pofuna mafupa, ndipo zidzapondereza mudzi wawo wonse. Komanso iye adali asanachizepo aliyense. Zimene ankadziwa adaziona mwa akufa okha. Koma adayang'ana lilime lotupa lija, ndipo adakwera.

Adaima pakhomo pa khutu. Pamenepo mawu a nyerere amamveka ngati a wina aliyense.

"Mayi, mukundimva?"

Nyamalikiti adayankha motsitsa. "Ndiwe yani?"

"Ndine Nagama, nyerere."

"Wabwera kudzayeza mafupa anga?"

"Ayi, mayi. Mafupa anu sindikuwafulumirira konse. Khosi lokhali tingaliyeretse mpaka dzinja. Ndabwera kuti mutipepuze ntchito."

Nyamalikiti adafuna kuseka, koma pakhosi padali pouma.

"Ndinene zoona, mayi," adatero Nagama. "Timipita tija ndidatiyenda ndine, koma sindinachizepo munthu. Ndingathe kulakwa. Mukalola, ndikufunsani mafunso atatu."

"Anzako aja sadandifunse n'limodzi lomwe. Funsa, mwanawe."

"Mukapukusa mutu pang'onopang'ono, ngati mukukana, dziko limazungulira?"

"Ayi. Pamenepo limakhala bata."

"Ndiye kuti mpita wam'mbali ulibe mlandu. Nanga mukagwedeza pang'ono, ngati mukuvomera?"

"Limagwedezeka, koma silithamanga."

"Nanga mukatsitsa mutu mutaupendeketsa paphewa?"

"Kumanzere ndimapirira. Koma kumanja, mayo! Ndi mmene ndimamwera madzi, ndipo pamenepo dziko limathawa ngati kamvulumvulu."

Nagama adatseka maso. M'maganizo mwake adalowanso m'kachipinda kaja, adakhotera kumbuyo, adatsata uta wonse kuyambira pa kamtsuko mpaka potulukira.

"Kamwala kali mu mpita wakumbuyo wa khutu lakumanja," adatero. "Mpitawo uli ndi khomo limodzi lokha lotulukira mwala. Tikazunguza mutu motsata kupindika kwake, kamwalako kadzatsetsereka kokha. Uzani Nyani zimene ndikunena."

Nyamalikiti adasonkhanitsa mphamvu zotsala. "Nyani, mlongo wanga, bwera. Akuti ndi mpita wakumbuyo wa khutu lakumanja."

Nyani adagwira kuseri kwa khutu lake lomwe. "Wakumbuyo, wakumanja. Apa? Eya, limeneli ndiye dzina! Akutero ndani?"

"Nyerere. Ili m'khutu mwangamu."

Nyama zidang'ung'udza. Nang'omba adalumpha pachitsa, nthenga zili nyankhalala. "Mwaswa lamulo! Dzina limenelo silidatchulidwe pabwalo. Chotsani kachilomboko!"

"Achimwene," adatero Nyani osatembenuka, "mayina anu ndawatsata masiku atatu, ndipo manja anga sadawamve. Ili manja anga alimva lisanathe n'kutchulidwa. Tayambani mwakhala pansi."

Pamenepo Njati, amene adali chete masiku onsewo, adasuntha n'kuima pakati pa Nang'omba ndi wodwala.

"Choyamba," adanong'oneza Nagama, Nyamalikiti n'kumabwereza, "mutu ukhale chagada, utapendekera kumanja, ulendewere pang'ono."

Nyani adautembenuza mofatsa. Maso a Nyamalikiti adavina koopsa. "Ndikufa! Ndibwezeni!"

"Pirirani, mayi. Kuvinako ndi kamwala kakuyenda. Mpitawo ndi wautali kuposa mmene mukuganizira, ndipo mwala m'madzi umatsika pang'onopang'ono. Tidikire mpaka maso aime."

Adadikira. Miimba idasendera pa nthambi zam'munsi. Adadikirabe. Kenaka maso adaima.

"Chachiwiri, mutu upite kumanzere, osaudzutsa."

Nyani adatembenuza. Maso adavinanso, koma pang'ono. Adadikira mpaka adaima.

"Chachitatu, thupi lonse ligudubukire kumanzere, mphuno iloze pansi."

Njati ndi Nguluwe adakankha thupi lalikululo, lidagudubuka. Adadikira. Nyamalikiti adati, "Ndamva ngati kanthu katsetsereka."

"Tsopano dzukani, mayi. Osafulumira."

Nyamalikiti adadzuka, mwendo umodzi, wina, wina, wina. Adaima. Adayenda mpaka m'mphepete mwa dziwe, Nagama atagwiritsa ubweya wa khutu. Adatanyula miyendo. Khosi lidayamba kutsika, lidatsika, lidatsika, mutu udapendekera kumanja monga mwa chizolowezi chake.

Dziwe lidakhala pamalo pake. Mitambo idakhala pamalo pake.

Nyamalikiti adamwa. Adamwa mpaka achule adayamba kudandaula. Miimba idayang'anana, n'kuuluka imodziimodzi.

Atakhuta adadzutsa mutu, madzi akuchucha pakamwa. "Bambo Nang'omba, ndili ndi funso limodzi lokha. Mwa timipita titatu tija, mpita wanu ndi uti? Wakutsogolo, wakumbuyo, kapena wam'mbali?"

Nang'omba adacheuka. Adayang'ana mkazi wake.

"Musandiyang'ane ine," adatero mayiyo. "Wanga womwe sindikuudziwa. Ndipo mayi anga muwachotsemo m'makutu mwa anthu, sadakutumeni."

Nyama zidaseka mpaka Nguluwe adagubuduka m'matope. Kenaka Njati adayankhula koyamba. "Amene adayendamo ndiye atchule."

Nyamalikiti adaima pakati pa bwalo, Nagama ali m'khutu mwake, ndipo adabwereza mawu a nyerereyo mokweza kuti aliyense amve.

"Akuti ena mwa inu mukufuna kuti timipitati titchedwe ta Nagama. Akuti musatero. Mawa wina akadwala kutali, wom'gwira mutu akamva kuti Nagama, adzatembenuzira kuti? Akuti woimirira chakutsogolo ukhale mpita wakutsogolo. Woimirira chakumbuyo ukhale mpita wakumbuyo. Wogona cham'mbali ukhale mpita wam'mbali. Potupa paja pakhale kamtsuko, posunga timiyala pakhale kathumba." Adaima kaye, kumvetsera. "Akutinso, ndipo apa mawu ake akwera, mukamaphunzitsa ana anu mayinawa muziwauza kuti adawapeza ndi woyeretsa mafupa, amene mudam'tsekera kunja ndi phulusa masiku atatu ine ndikufa."

Palibe amene adaseka. Njovu idatsitsa chitamba, n'kuuzira phulusa lija mpaka lidabalalika lonse.

Kuyambira tsiku limenelo lamulo lidasintha. Chinthu chinkatchulidwa ndi amene wachiona, ndipo mawu ake akakhala aang'ono, wamkulu ankamubwereka khutu ndi pakamwa. Nang'omba adachoka pachitsa chija osabwereranso. Mpaka lero mukam'peza m'dambo amayenda wapansi ngakhale ali ndi mapiko, mutu uli chowerama, kusuzumira m'dzenje lililonse ndi m'chigoba chilichonse. Akufunafuna mpita wake.

Phunziro lake nali, abale anga. Dzina labwino ndi limene limalozera wofuna thandizo kumene chinthu chili, osati limene limakweza mwini mawu aakulu. Ndipo amene amalanda nzeru za wamng'ono amatenga chikopa chokha, nyama n'kuisiya, pakuti chimene sudachiyendere sungachilozere mnzako. Musanyoze wogwira ntchito yonyansa. Nthawi zambiri ndi iyeyo amene waona m'kati mwa zinthu.

Amene adakwirira mbatata pamoto akaiphule isanapserere. Yanga nthano yafika pothera.